Akabwera Azipeza Pomwe Anazisiya

Nyimbo yathu itafika pa nambala 2 pa mndandanda wa nyimbo zotchuka, aliyense wondidziwa mu Nashville anandiimbira foni, ngakhale aja ankawoloka msewu akandiona chaka chatha. Amene sanaimbe ndi bambo anga okha.

Ine ndine Corliss Yancey, ndimapeka nyimbo za kantire. Kuimba ndimaimbira kubafa. Pamaso pa anthu amaimba ndi Denton Pruitt, mwamuna amene ndinatsimikiza kuti ndikwatirana naye, dziko lifune lisafune. Nkhope yake si yoti n'kuika pa kalendala, ndipo makutu ake amayamba ndiwo kulowa m'chipinda mwiniwake akadali pakhomo. Koma paja amati ukaipa dziwa nyimbo, ndipo Denton anaidziwadi.

Nyimboyo inabadwa tsiku limene ndinapita naye kwathu ku Laurel Gap kukamuonetsa kwa bambo. Pakhonde pathu, kumanzere kwa chitseko, pamakhala nsapato za malemu mayi anga, zija ankavala kudimba. Anazivula pamenepo tsiku lina akudandaula mutu, tinathamangira nawo kuchipatala, ndipo sanabwerenso. Zaka zadutsa koma nsapatozo sizinasunthe, bambo amasesa mozizungulira. Denton, ndi mapazi ake aakulu aja, anapunthwa pa nsapatozo n'kuwerama kuti aziike pambali.

"Zisiye, mnyamata," anatero bambo. "Akabwera azipeza pomwe anazisiya."

Pobwerera, titangowoloka mlatho, Denton anayamba kung'ung'udza kanyimbo, ine n'kumaika mawu, ndipo pofika mu Nashville nyimbo inali itatha. Tinaitcha "Pomwe Anazisiya". Sindichita nayo manyazi, inenso anali mayi anga.

Chimene chinatipweteka ndi ulemu. Kuno tili ndi mwambo umene palibe anaulemba koma palibe amauphwanya: aliyense amene waponya mawu m'nyimbo, ngakhale mzere umodzi wokha, dzina lake limaikidwa pakati pa opeka. Ukabisa dzina la munthu wotere ndiwe wakuba, ndipo anzako sakhalanso nawe pansi kupeka kanthu. Choncho Denton, osandiuza, anakapereka mayina atatu: lake, langa, ndi la O. Yancey. Mumtima mwake inali mphatso yoti atsogoze pokapempha ukwati. Anaiwala kuti bambo anga, a Orval Yancey, ndi mkulu wa mpingo umene sulola ngakhale piyano m'tchalitchi. Kwathu timaimba ndi pakamwa pokha, ndipo nyimbo zovinira m'mabala amaziona ngati khomo la kugehena.

Dzinalo ndinaliona nyimbo itatuluka kale. Ndinadzitonthoza kuti mayina a opeka palibe amawawerenga, poti langa lomwe palibe analiwerengapo.

* * *

Anandiimbira m'malo mwa bambo ndi azakhali a Verna, mlongo wawo, mayi amene sanasungepo nkhani mpaka kuizizira.

"Corliss, wakhala pansi?"

"Ndili chilili, azakhali."

"Khala. Ndikuwerengere nyuzipepala ya kwanu komweko. Wabwera nayo ndi mkazi wa mlaliki, ati waiona mwangozi. Ngozi yake yoyenda nayo khomo ndi khomo."

Wolembayo anali Lyle Huckaby, munthu amene wakhala akupha nyimbo za anthu kwa zaka zambiri osaphethira. Nyimbo yoyamba ya Denton anati ikumveka ngati ng'ombe yosokera. Koma lero analemba kuti "Pomwe Anazisiya" ndi nyimbo yoposa zonse chaka chino, kuti gitala yake ikuyenda mwakachetechete ngati munthu wofika pamaliro, ndiponso kuti mawu a Marnie Culpepper, amene amathandizira pakolasi, akumveka ngati malemuyo akuyankha. Mpaka apo ndinkamwetulira, ngakhale za Marniezo zinandidutsa pakhosi movutikira.

Ndiye azakhali anatsokomola n'kuwerenga ndime yomaliza. "Mzere umene wagwira dziko lonse sanaupeke ndi akatswiri a mu Nashville. Marnie Culpepper wanditsina khutu kuti O. Yancey ndi mkulu wa mpingo ku Laurel Gap, ndipo nsapatozo zilipodi."

Apo ndiye ndinakhaladi pansi.

"Bambo aiona?"

"Aiona, ndipo akuluakulu anzawo afika kale kunyumba, nkhope zili gwa. Akufunsa ngati munthu wopeka nyimbo za m'mabala angapitirize kugawa mgonero. Uthenga wako ndi uwu: mnyamata wa makutu uja asadzapondenso pakhomo pawo."

"Atchuladi makutu?"

"Makutuwo ndawonjezera ine. Zinazo ndi zawo."

Ndinaseka pang'ono, kenako misozi inabwera yokha. Kukwatiwa ndikhoza kukwatiwa mawa ku boma, palibe angandiletse. Koma mayi kulibe, ndatsala ndi bambo okha, ndipo kuyambira ndili mwana ndinkadziwa kuti tsiku la ukwati wanga ndidzalowa m'tchalitchi nditagwira mkono wawo. Ndinkafuna Denton, ndinkafunanso mkonowo, ndipo sindinali wokonzeka kusiya chimodzi.

* * *

Denton ndinamupeza kunyumba kwake akupukuta galimoto imene inali yoyera kale. Amatero akadziwa kuti walakwa.

"Ndinkafuna kuwalemekeza," anayamba ndisanatseke n'komwe chitseko cha galimoto yanga. "Mawuwo ndi awo, Corliss. Ndikanawasiya ndikanakhala wakuba."

"Ukanafunsa."

"Mphatso amafunsira?"

"Safunsa anadya phula, Denton. Ndipo phula lakoli tikudyera limodzi."

Anapinda kansalu kopukutira, n'kukatambasulanso. Ndinamusiya avutike pang'ono ndisanafunse funso limene ndinabwerera.

"Marnie anadziwa bwanji za bambo anga?"

Anayang'ana tayala. "Tsiku lojambula lija sankauimba bwino mzerewo. Ankauimba ngati akuitanira malonda. Ndiye ndinamufotokozera komwe unachokera, kuti aumve mumtima."

"Unamuuza zingati?"

"Zochepa."

Mwamuna akati zochepa, dziwani kuti wasiya dzina la galu lokha. Marnie anali chibwenzi cha Denton ine ndisanabwere. Anamusiya nthawi imene ankaimba m'mabala opanda anthu, n'kupita ndi woimba ng'oma wa gulu lina lalikulu. Nyimbo yathu itangolowa pa wayilesi, mtima wake unakumbukira mwadzidzidzi kuti Denton ndi munthu wabwino.

"Ndikachotsetsa dzinalo," anatero Denton. "Mawa lomwe."

"Ukalichotsanso m'mitu ya anthu a ku Laurel Gap? Lisiye. Ndipita ndekha kukalankhula nawo. Iwe usaimbe foni, usatumize maluwa, ndipo chonde usapeke nyimbo yopepesa."

"Ndinali nditayamba kale ndime yoyamba."

"Ndinadziwa."

Anandigwira dzanja, dzanja lake likununkha sopo wa galimoto. "Ukundisiya?"

"Ndikanafuna kukusiya ndikanakusiya tsiku limene unavala malaya a mphonje aja. Ndakwiya basi. Undilole ndikwiye."

* * *

Ndisananyamuke ndinakumana ndi Marnie ku saluni, chifukwa mu Nashville muno adani onse amakonzetsa tsitsi malo amodzi. Anali atakhala pampando woyandikana ndi wanga, mutu wodzaza timapepala tonyezimira.

"Asisi, mwaona zimene atilembera a Huckaby? Ine ndinalira."

"Unalira usanawauze kapena utawauza?"

"Aa, inunso. Nyimbo imafuna nkhani, asisi. Yakhala pa 2 milungu yonseyi osasuntha, nyimbo ya mathirakitala ija itatikhalira pamutu pa 1. Mumafuna ifere pomwepo? Ndakuthandizani."

"Bambo anga si nkhani."

"Aliyense ndi nkhani. Kungoti ena sanapeze wowagulitsa."

Wokonza tsitsi langa anachepetsa makina kuti amve bwino. Sindinamuimbe mlandu, inenso ndikanatero.

Marnie anadziyang'ana pagalasi n'kupitiriza. "Lamlungu madzulo tikuimba pa kanema, dziko lonse likuonera. Mukudziwa nokha kuti woimba pamenepo, sabata yotsatira amadzuka ali pa 1. Zokonzekera ziyamba m'mawa, ine ndi Denton tsiku lonse, maikolofoni imodzi. Akuti tiziyang'anana m'maso, anthu amakonda zimenezo. Inu akusungirani mpando kumbuyo, kwa opeka."

"Umuyang'anitsitse ndithu," ndinatero. "Gawo lako likuthera pomwepo."

Anaseka, koma kuseka kwake sikunafike m'maso. Ine ndinatuluka tsitsi lisanaume bwino.

* * *

Kunyumba kwathu safikako munthu wosadziwa njira. Ukapitirira tchalitchi umakhota pa khola lakugwa, n'kutsata kamsewu kafumbi kopanda chikwangwani mpaka kathere. Bambo ndinawapeza pakhonde akusenda nyemba zaziwisi m'beseni. Nsapato zinali pomwe zimakhala.

"Wabwera wekha?"

"Ndekha, Bambo."

"Wachita bwino."

Ndinakoka mpando n'kuyamba kusenda nawo. Tinasenda mpaka beseni linafika theka. Bambo anga salankhula manja ali chabe.

"Ndinaimva komwetsera mafuta," anatero pomaliza. "Galimoto ina inaima pafupi, mawindo otsegula, mwiniwake chitini cha mowa chili pakati pa miyendo. Ndinamva mawu anga akutuluka m'galimoto imeneyo. Mawu amene ndinalankhula pakhomo panga, kwa mlendo amene ndinamupatsa chakudya. Ndinachoka thanki isanadzaze."

"Munaimva yonse?"

"Ndinamva zokwanira."

"Anakulembani dzina chifukwa kuntchito kwathu, kutenga mawu a munthu osamutchula ndi kuba. Ankayesa akukulemekezani."

"Uko ndi kwanu. Kuno mlendo akaona chinthu m'nyumba amachisiya m'nyumba momwemo."

"Mawu ena onsewo ndi anga, Bambo. Ngati pali wolakwa, woyamba ndine."

"Iwe ndiwe mwana wanga, ndilibe kokutaya. Iyeyo ndili nako."

Ndinaika nyemba pansi. "Ndikwatirana naye."

"Ndiye ukapeze wokuperekeza kuguwa."

"Ndamupeza kale, ndi inu. Sindilowa m'tchalitchi ndi mkono wa munthu wina, ndipo sindisiya Denton. Ngati zikutanthauza kuti ndizibwera kudzasenda nyemba pano sabata iliyonse mpaka imvi, ndizibwera. Liuma limeneli ndinatengera inu."

Anapitiriza kusenda. Ndiye ndinachita chinthu chimene sindinachitepo pamaso pawo chichokereni kwaya ya ana. Ndinaimirira n'kuimba, popanda gitala, popanda ng'oma, ndi pakamwa pokha monga timachitira kwathu. Mawu anga ndi opyapyala, amanjenjemera pokwera, koma ndinaimba yonse.

"Dothi la m'dimba likadali kuchidendene,
chingwe chimodzi sanachimasule n'komwe.
Tsache limadziwa pokhotera,
akabwera azipeza pomwe anazisiya."

Nditamaliza ndinaona kuti manja awo aima. Ankayang'ana kudimba, kumene tsopano kumamera udzu wokhawokha.

"Chosamasulacho ndi cha kumanzere," anatero. "Unachiona?"

"Ndimachiona nthawi zonse ndikamalowa."

"Ankafulumira. Mutu unkamupweteka kwambiri, anangoikankha ndi phazi linalo."

Anapukuta nkhope ndi kumbuyo kwa dzanja, ngati akuchotsa thukuta. Kenako anatolanso nyemba.

"Abwere Lamlungu m'mawa. Aime pamaso pa mpingo, gitala asiye kwawo, anene ndi pakamwa pake kuti dzina langa analilemba osandifunsa. Akatero tidzakambirana ngati amuna."

"Lamlungu lino ali ndi za pa kanema zija."

"Verna wandiuza. N'chifukwa chake ndanena lino."

* * *

Kwathu foni imagwira pamalo amodzi okha, pafupi ndi mpanda wa nkhuku. Ndinaima pamenepo n'kumulembera Denton.

"Lamlungu m'mawa. Pamaso pa mpingo. Popanda gitala."

Yankho linabwera msanga. "Ukudziwa kuti wojomba zokonzekera samuika pa kanema."

"Ndikudziwa."

"Ndikhoza kubwera Lachitatu, kumapemphero a pakati pa sabata."

"Anena Lamlungu."

Panapita kanthawi, nkhuku zikundiyang'ana ngati ndabwera ndi chimanga. Kenako unabwera uthenga wautali. "Corliss, ndaimba zaka zonsezi m'mabala momwe woomba m'manja anali wopukuta matebulo yekha. Iyi ndi nambala 1. Mwina siidzabweranso. Ndipo si yanga ndekha, ndi yakonso."

Ananena zoona, ndipo zinandipweteka chifukwa cha zoonazo. Inenso ndinkaifuna nambala imeneyo. Ndakhala ndikupeka nyimbo zimene zimathera m'kabati, ndipo ndinkalota tsiku limene adzandiitane kuphwando la opeka nyimbo yofika pamwamba, anditchule dzina anthu akumva.

"Ndikuifuna kuposa iwe," ndinalemba. "Koma mapanga awiri avumbwitsa. Sankha limodzi, ine ndili kuno."

Sanayankhe tsiku limenelo, ndipo Loweruka lonse foni inali zii. Amene analemba ndi Marnie, anaika chithunzi pa intaneti akuyesa diresi loyera, pansi pake atalemba kuti mawa mtima wake ukhala pomwe anausiya. Ndinachiyang'ana nthawi yaitali kuposa momwe chinkayenerera. Ndinachita mantha, ndinene zoona, koma kumuimbira Denton sindinamuimbire.

* * *

Lamlungu tchalitchi chinadzaza ngati pa Pasaka. Anthu amene ndinawaona komaliza pamaliro a mayi anali atakhala kutsogolo, Mabaibulo atsopano ali pamiyendo.

"Taona momwe Mzimu wagwirira anthu lero," ananong'ona azakhali a Verna. "Ngakhale a Tackett, amene anati bondo silikuwalola, afika wapansi."

Tinaimba nyimbo yoyamba, chitseko chili chotseka. Tinaimba yachiwiri. Bambo anali kutsogolo ndi akuluakulu anzawo, msana uli njo, osacheuka. Mlaliki analalikira za lilime, ndipo nthawi yonseyo ine ndinkamvetsera kunja, kudikira phokoso la galimoto.

"Ngati sabwera," anatero azakhali, "mwana wa a Tackett akadali mbeta. Ali ndi mano ake onse."

"Azakhali, chonde."

Chitseko chinalira ulaliki uli kumapeto. Mitu yonse inatembenuka kupatula wa bambo. Anali Denton, atavala suti yobwereka imene manja ake ankathera pamwamba pa wotchi, chipewa chili m'manja, makutu ofiira ngati tomato. Sindinamukondepo ngati momwe ndinamukondera pamenepo.

Mlaliki ataitana amene ali ndi mawu, Denton anayenda mpaka kutsogolo.

"Dzina langa ndine Denton Pruitt," anatero. "Ndinadya pakhomo pa a Yancey, ndinamva mawu amene sanali oti ndichoke nawo, ndipo ndinachoka nawo. Dzina lawo ndinalilemba pa nyimbo ine, iwo osadziwa, mwana wawonso osadziwa. Kumene ndimagwira ntchito umenewo ndi ulemu. Sindinaime kuti ndifunse ngati ulinso ulemu kuno. A Yancey sanapeke nyimbo ya m'bala. Anangonena za akazi awo, ndipo ine ndinali ndi makutu."

Wina kumbuyo anati, "Tikuwaona," ndipo tchalitchi chonse chinayesetsa kusaseka. Denton anapirira.

"Ndikupempha a Yancey andikhululukire, ndipo mpingo uno usawaweruze chifukwa cha ine."

Kenako bambo anaimirira pang'onopang'ono, n'kutenga buku la nyimbo, n'kumupatsa.

"Akuti umadziwa kuimba. Tiyambitsire yotsekera."

Ndinaona Denton akusowa poika dzanja lamanzere, limene linazolowera khosi la gitala. Popanda chomupatsa poyambira, anayambitsa pamwamba kwambiri. Azimayi anayesa kumutsatira n'kuyamba kulira ngati mahinji a chitseko. Ndinatseka maso. Ndiye pansi pa phokoso lonselo panalowa besi ya bambo anga, yolemera, yosafulumira, n'kuikokera nyimboyo pansi mpaka aliyense anapeza pake. Denton anatsika nawo. Pofika ndime yachiwiri mawu awo awiri ankayenda limodzi, ndipo azakhali a Verna ankafufuza kansalu m'chikwama.

Titatuluka tinadya pansi pa mitengo monga timachitira pakakhala mlendo: nkhuku yokazinga, chigumu, nyemba, ndi tiyi wozizira wotsekemera kwambiri. Foni Denton anaisiya dala m'galimoto, ndipo nditadutsa pafupi ndinaimva ikulira yokhayokha pampando. Akuluakulu a mpingo anabwera mmodzimmodzi kudzagwira bambo chanza. Bambo anatenga mbale, anaikamo ntchafu ziwiri, n'kumupatsa Denton ndi manja awo.

"Idya, mnyamata. Unayambitsa pamwamba."

"Ndinamva, achikulire."

"Tonse tinamva. Ukamaliza tikakambirane kunyumba."

Denton anandiyang'ana, pakamwa podzaza nkhuku. Nambala 1 inali itapita, tonse tinkadziwa, koma ine ndinali wosangalala mpaka kuchita manyazi.

* * *

Tinafika kunyumba dzuwa litapendeka, bambo kutsogolo, ife pambuyo. Anakwera masitepe a pakhonde akufufuza kiyi wa kabati m'thumba, kiyi yekhayo amene amayenda naye poti chitseko chathu sitikhoma. Kenako anaima.

Kumanzere kwa chitseko kunalibe kanthu. Panali madontho awiri okha pathabwa, akuda kuposa thabwa lonselo, pomwe dzuwa silinafikepo zaka zonsezi.

"Verna," anatero bambo, osatembenuka. "Kodi Verna anabwera kudzasesa?"

"Azakhali tinali nawo kutchalitchi, Bambo. Mudzi wonse unali kutchalitchi."

Ndinathamangira kumpanda wa nkhuku, foni ili m'manja, ndikudziwa kale mumtima chimene ndikachipeze. Uthenga unalowa nthawi yomweyo, wochokera kwa Marnie. Chinali chithunzi cha siteji, magetsi ofiirira, maikolofoni imodzi, ndipo patsinde pake nsapato za mayi anga. Anali atazitsuka. Dothi lonse linali litachoka, zikuwala, zingwe zonse ziwiri atazimanga bwinobwino ngati zogulitsa m'sitolo.

Pansi pake analemba kuti: "Asisi, poti mwandilanda woimba naye, ndatuma anyamata kudzabwereka alendo ena. Musadandaule, tazisamala, tazipukutanso. Mumuthokoze Denton, maganizowa anali ake, ndipo njira ya pa khola lakugwa anailongosola bwino."

Ndinabwerera pakhonde. Ndikanatha kubisa foniyo, koma kubisa ndi kumene kunatifikitsa pamenepa. Ndinawapatsa bambo. Anaiyang'ana patali monga amachitira akaiwala magalasi, anawerenga, n'kuipereka kwa Denton.

"Njira anawauza ndani?"

Nkhope ya Denton inayera. "Achikulire, kunali kucheza chabe. Tsiku lojambula lija ndinanena kuti anthu akanaziona nsapato zenizenizo, akanamvetsa. Marnie anafunsa kuti ndi kutali bwanji, ine n'kufotokoza. Sindinatume munthu. Ndikulumbira."

"Usalumbire pakhomo panga."

Sanakweze mawu. Bwenzi zili bwino akanakalipa, akanaponya mpando, akanachita chilichonse. Anangowerama movutikira, bondo limodzi pansi, n'kuika chikhatho pa madontho aja ngati munthu woyesa ngati pamoto pakadali pofunda.

"Akabwera ndimuuza chiyani?" anafunsa, ndipo sankafunsa ife.

Anadzuka, analowa m'nyumba, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga ndinamva chitseko chathu chikukhomedwa.

Ndinatambasulira Denton dzanja. "Makiyi."

"Ndipita nawe," anatero Denton. "Ndikamuuza Marnie pamaso pa anthu onse."

"Wamuuza zokwanira. Iwe ukhala pano. Akakuthamangitsa pakhonde ukhale pa masitepe, akakuthamangitsa pa masitepe ukhale pa udzu. Akatsegula chitsekocho akupeze. Ukachoka, usadzandifunenso."

"Corliss, ukundikhulupirira?"

Ndinamuyang'ana, suti yobwereka ija, makutu aja, munthu amene m'mawa womwewo anataya nambala 1 chifukwa cha ine. Ndinkamukonda, ndipo ndinkafuna kumumenya ndi beseni la nyemba.

"Ndikuyankha ndikabwera," ndinatero.

Ndinaliza galimoto yake n'kubwerera chambuyo mpaka pa mpanda. Pagalasi ndinaona Denton akukhala pa sitepe ya pansi, chipewa chili pabondo, ndi katani ya kuchipinda kwa bambo ikutsekedwa. Nashville ndi kutali, koma ndikaponda moto bwino ndikanatha kufika Marnie asanakwere pa siteji. Alonda a pakhomo sindinkawaopa, makamera sindinkawaopa, diresi loyera lija ndiye n'komwe. Nsapato ndikazitenga ndithu, ndipo chingwe cha kumanja ndikachimasula ndekha kuti zikhale monga zinalili. Koma dothi lija, la m'dimba mwa mayi, sindinkadziwa kuti ndikalipeza kuti.